Pijo ya Che Abdu Iyamba Kumwa Dizilo

Mwinyi anafika Lachisanu masana, akadali mu mkanjo woyera umene anapita nawo ku mzikiti, ndipo sanabwere yekha. Pambuyo pake panali bambo wina wamfupi wogula zitsulo zakutha, komanso mmisiri womanga nyumba atanyamula tepi yoyezera. Analowa pageti la nyumba ya bambo ake ku Magomeni ngati anthu amene zonse agwirizana kale m'njira.

Shakila, mlongo wake wamng'ono, anali kuseri akuchapa zofunda. Atamva chitsulo chikugogodedwa anatuluka thovu lili m'manja, n'kupeza wamfupi uja akumenyamenya chitseko cha pikapu ndi kamwala, khutu atatchera, monga achitira amayi pogula mphika wadothi.

"Achimwene, anthu awa akufuna chiyani pagalimoto ya ababa?"

"Ikuchoka lero," anatero Mwinyi m'Chiswahili, chifukwa ana a nyumba imeneyi anabadwira mu Dar es Salaam momwemo ndipo pakati pawo ankayankhulana chimenecho. "Pano timanga timashopu tinayi toyang'ana kumsewu. Dziko latseguka, aliyense akusaka poikira katundu, iwe uli kalikiliki kulondera dzimbiri."

"Ababa avomera?"

"Avomera bwanji? Amayankhula?"

Bambo awo anali pakhonde pomwepo, pampando wa nsungwi, ndodo ili pakati pa miyendo. Che Abdulhamidi, amene msewu wonse unkangowatchula Che Abdu, anachoka kwawo ku Chiradzulu ali mnyamata, n'kugwira ntchito zaka makumi atatu pa galaja ya boma akukonza malole. Pikapu imeneyi, Pijo ya ku Falansa yoyera imene tsopano inali yotuwa, anaigula atapuma ntchito. Zaka ziwiri zapitazo sitiroko inawapha mkono ndi mwendo wakumanja, ndipo inawachita china chimene madokotala anangochipukusira mutu: Chiswahili chonse chimene anayankhula zaka zambirimbiri chinawathawa m'kamwa, n'kutsala Chichewa cha ubwana wawo, chotuluka liwu limodzilimodzi. Mwinyi Chichewacho anachitaya kalekale. Shakila ankachimva chonse, koma poyankha lilime linkamulemera.

Chinali chaka cha 1992. Boma linali litalola anthu kuitanitsa katundu aliyense kunja, ndipo misewu inadzaza ndi magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito ochokera ku Japan ndi ku Dubai. Mwinyi anasiya ukalaliki n'kutsegula bwalo logulitsira magalimoto oterowo m'mphepete mwa Kariakoo, ndipo zinamuyendera. Shakila ukwati unamuthera ku Tanga, nabwerera kwawo ndi sutikesi imodzi ndi makina osokera. Bambo ake atagwa, iye anatenga makiyi a pikapu n'kuyamba kunyamula mabelo a amalonda a ku Malawi, kuwachotsa m'mashopu a ku Kariakoo kukawatula ku Kurasini kumene malole opita kwawo ankadikira. Ntchito inalipo, koma mtengo wa petulo unkakwera ngati ukuthawa munthu, ndipo injini yokalambayo inkamwa ngati thanki yabooka. Masabata atatu apitawo inatsokomola kawiri pa dambo la Jangwani, n'kulavula oyilo, n'kukhala chete. Anachita kuikoka.

Shakila anapukuta manja ku khanga yake, chitenje cha kumeneko, n'kuponda pa bampala, n'kukhala pa boneti miyendo atapinda.

"Mukaikoka, muikoke ndi ine ndemwe."

"Tsika, ukundichititsa manyazi pamaso pa anthu."

"Anthuwo mwabwera nawo ndinu."

Wogula zitsulo uja anaseka, n'kuponya kamwala kake pansi. Pamenepo ndodo ya Che Abdu inagunda simenti ya pakhonde, kamodzi, kawiri. Onse anacheuka. Nkhalambayo inalimbana ndi pakamwa pake kwa kanthawi, milomo ikunjenjemera, kenaka mawu anatuluka.

"Ayi." Anapuma. "Dizilo."

"Akuti chiyani?" anafunsa Mwinyi.

"Akuti galimoto yawo sigulitsidwa. Akuti tiikamo injini ya dizilo."

Mawu achiwiriwo Shakila anangowonjezera, koma atayang'ana bambo ake anaona akugwedeza mutu mwamphamvu.

Mwinyi anaseka mpaka kugwira bondo. "Ndani aike? Iwe? Kapena a mkono umodziwa? Chabwino. Mwezi umodzi, Shakila. Njerwa ndaitanitsa kale. Zikafika ndipeze pano pali mbee."

Lamlungu kunabwera Ezekiel, dalaivala wa lole wa ku Mzimba amene ankayenda ulendo wa pakati pa Lilongwe ndi doko la Dar es Salaam. Zaka zapitazo Che Abdu anamukonzera lole imene amakaniko atatu anailephera, ndipo kuyambira pamenepo akafika m'tauni sankalephera kudzawaona, atanyamula paketi ya tiyi wa ku Thyolo. Katundu wake anali asanatuluke kudoko, kotero nthawi anali nayo. Shakila anamufotokozera zonse m'Chichewa chake chotsimphina, Chiswahili chikulowerera apa ndi apo.

"Achemwali, zimenezi zimatheka," anatero Ezekiel, "koma si zosintha malaya. Injini ya dizilo ndi yolemera, ndi yaitali, ndipo miyendo yake sikhala pamene pakhala ya petulo. Mudula zitsulo. Mulira."

"Kulira ndalira kale. Injiniyo ipezeka kuti?"

Che Abdu analoza Shakila ndi ndodo kuti atsegule boneti. Tsiku lonselo anamuyezetsa malo a injini ndi tepi yake yosokera: mulitali, mulifupi, kuchokera pa boneti kufika pa chitsulo chopingasa cha pansi. Akalakwitsa, ndodo inkagunda simenti. Manambala anawalemba kuseri kwa kalendala.

Lolemba Shakila ndi Ezekiel anakwera daladala, minibasi ya ku Tegeta, kumene bambo wina dzina lake Laurent anali ndi bwalo la magalimoto oduladula. Ku Japan ankawacheka pakati n'kutumiza mitu yokhayokha m'makontena, ndipo mituyo inali ndandanda pa mchenga, magalasi akuyang'ana kumwamba. Laurent atamva chimene akufuna anayang'ana Ezekiel, ngakhale wofunsa anali Shakila.

"Bwana, auzeni mayiwa kuti Mfalansa ndi Mjapani sakwatirana."

"Ndili pano, ndiuzeni nokha," anatero Shakila. Anatulutsa tepi yake n'kuyamba kuyeza injini imodzi imodzi. Zisanu zinali zazikulu. Yachisanu ndi chimodzi, yochokera mu pikapu ya ku Japan, inkapyola malire ndi zala ziwiri zokha pansi.

"Iyi. Ndi giyabokosi yake yomwe. Koma ndiimve kaye ikulira."

Laurent ananyinyirika, koma anabweretsa batire ndi chigubu cha dizilo. Injini inalira ili pa matayala awiri akutha, ikudumphadumpha ngati ifuna kuthawa. Ezekiel anatsegula chotsekera oyilo n'kuika dzanja pamwamba, anayang'ana utsi, kenaka anatsinzinira Shakila diso limodzi. Anakambirana mpaka dzuwa kufika pamutu. Pomaliza Laurent anavomera kutenga injini yakufa ya Pijo ija pamodzi ndi makina osokera, chifukwa mkazi wake anali atawalira kwa nthawi yaitali. Shakila sanagone tulo tabwino chifukwa cha makinawo, koma mmawa mwake anawapukuta yekha, kuwathira mafuta, n'kuwakweza pa ngolo.

Ntchito inayambika pansi pa mtengo wa mango umene unali pakati pa bwalo. Anamangirira tcheni chokwezera ku nthambi yaikulu, n'kukokera mpando wa Che Abdu pafupi. Masiku anayi oyamba Ezekiel analipo, ndipo injini yakale inatuluka mosavuta. Tsiku lachisanu katundu wake anatuluka kudoko, nayenera kunyamuka. Anasiya Shakila atavala ovolosi ya bambo ake yopinda miyendo katatu, mpango atamanga zolimba kumutu, injini yatsopano ikulendewera pa tcheni.

Sinalowe. Beseni la oyilo la pansi pa injini linkagunda chitsulo chopingasa chija. Shakila anaitsitsa, kuikweza, kuipendeketsa, koma zala ziwiri zija zinakana kuchoka. Anapita kukaitana wowotcherera zitsulo wa pangodya ya msewu. Munthuyo anafika ndi makina ake pa wilibala, n'kufunsa kuti mwini ntchito ali kuti.

"Ndine."

"Ndikunena fundi, mmisiri wa ntchitoyi, mama. Wondiuza podula."

Shakila anatenga choko, n'kulowa pansi pa galimoto chagada, n'kujambula mzere pa chitsulocho pamene ndodo ya bambo ake inakhala ikuloza kuyambira dzulo. Atatuluka anamupatsa chokocho m'manja.

"Mudule pamenepo, muwotcherere china chokhuthala kunsi kwake. Ngati simungathe, nenani, ndikaitane wa ku Mapipa."

Anadula. Koma magetsi chaka chimenecho anali a kagawidwe, tsiku lina alipo, masiku awiri kulibe, ndipo ntchito ya tsiku limodzi inatenga sabata. Kutsidya kwa msewu kunali benchi la ogulitsa khofi kumene azibambo ankakhala kuyambira mmawa, ndipo pikapu ya Che Abdu inasanduka wailesi yawo. Wina ankati idzayenda chobwerera m'mbuyo popeza Ajapani amalemba choyambira kumanja. Wina ankati mwamuna wa Shakila wa ku Tanga uja anaona patali. Mawuwo ankadumpha mpanda n'kumupeza Shakila pansi pa galimoto, ndipo iye ankangolimbitsa nati mpaka sipanala kulira.

Amene anamuliza misozi anali bambo ake. Miyendo yogwira injini itawotchereredwa, injini n'kukhala m'malo mwake, mabawuti onse atamangidwa, Che Abdu anapendeketsa mutu, kutsinzina diso limodzi, n'kunena kuti, "Yakhota."

"Siyinakhote, ababa."

"Yakhota. Chotsa."

Anachotsa. Anaika kachitsulo kopyapyala pansi pa mwendo wakumanzere, n'kubwezeretsa zonse. Linali tsiku lathunthu limenelo.

"Chotsa."

Kachitatu tcheni chinaterereka pang'ono, injini n'kumupana chala chachikulu ku chitsulo. Chikhadabo chinada pomwepo. Shakila anaponya sipanala ku mpanda wa malata, phokoso lake n'kuuluza nkhunda za oyandikana nawo.

"Inu mumangoti chotsa, chotsa! Manja ake ndi anga! Msana wake ndi wanga! Bwanji osawauza achimwene chotsa, mmene ankabwera ndi tepi yawo?"

Zonsezi anazinena m'Chichewa, mosapunthwa ngakhale pamodzi, ndipo iye mwini anadabwa. Che Abdu anamuyang'ana. Kenaka ndi dzanja lawo lamoyo anatola botolo la madzi limene linali pambali pa mpando, lodzaza theka, n'kumupatsa.

"Goneka. Pamwamba."

Shakila anagoneka botololo pamwamba pa injini. Madzi anathawira mbali imodzi. Anaima akuyamwa chala chake, akuyang'ana madziwo. Kenaka anapita kukatola sipanala ija.

Zotsala zinali zambiri, koma zinkamvera. Giya ya Pijo inali pa chiwongolero pamene ya Mjapani ndi yapansi, kotero anaboola bowo pakati pa mipando. Thanki anaitsitsa, kuitsuka mpaka fungo la petulo litatha, n'kuikira kapaipi kobwezera dizilo wotsala. Anaika sefa yatsopano ya mafuta, batire lalikulu la lole limene Ezekiel anasiya, ndi waya wa mapulagi otenthetsa injini mmawa. Shafuti yopititsa mphamvu ku matayala a kumbuyo inali yaitali, ndipo anainyamula paphewa mpaka ku Gerezani kuti amisiri a makina akaifupikitse.

M'masiku amenewa Che Abdu anayamba kubwereza liwu limodzi. "Mpweya." Ankaloza cha ku injini n'kunena, "Mpweya, mpweya." Shakila anakumbukira zimene Ezekiel anamuuza, kuti dizilo salira ngati m'mapaipi a mafuta muli mpweya. Anamasula timanati ta mapaipiwo kamodzikamodzi, akupopa mpaka thovu litatha n'kutuluka dizilo yekhayekha.

"Ndachotsa, ababa. Mulibe mpweya."

Che Abdu anapukusa mutu, kuyesa kunena china, koma chinakanirira pakhosi. Shakila anaganiza kuti mutu wawo watopa.

Lachisanu lachinayi, akuchokera ku Gerezani ndi shafuti ija, anapeza geti lawo kulibe. Linalipo, koma kutsogolo kwake kunali mulu wa njerwa za simenti wofika m'chifuwa, wotsekereza kuchokera ku chipilala china kufika ku chinzake. Panangotsala kampata koti munthu adutse chammbali. A pabenchi la khofi maso onse anali pa iye.

"Lole inabwera masana," mayi wina woyandikana nawo anamunong'oneza. "Achimwene anu anati azitule pomwepa."

Shakila analowetsa shafuti pa kampatako, iye n'kutsatira. Anamanga shafutiyo dzuwa lisanalowe, n'kukhala pampando wa dalaivala, n'kutembenuza kiyi theka, kuwerenga mumtima mpaka khumi monga anauzidwa, kenaka kutembenuza yonse. Injini inazungulira, inazungulira, inatsokomola utsi woyera. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu inagwira, ndipo bwalo lonse linanjenjemera. Kulira kwake kunali kwa chigayo, osati kwa Pijo. Kalirole wa m'kati anagwedera mpaka kugwa. Kutsidya kwa msewu wina anaomba m'manja kamodzi, n'kuleka ataona kuti ali yekha.

Mmawa wa Loweruka Shakila anabweza pikapu chambuyo mpaka pageti, n'kuyamba kutola njerwa. Imodzi imodzi, chala chotupacho atachikulunga nsanza. Amayi awiri oyandikana nawo anaonerera pang'ono, kenaka anamanga makhanga m'chiuno n'kudzaima pamzere. Zokwana ulendo umodzi anazikweza, zina anazisunthira pambali mpaka njira inapezeka. Shakila anasamba, kuvala diresi labwino, n'kupita pakhonde.

"Ababa, tiyeni. Tikawabwezere achimwene katundu wawo."

Che Abdu anali asanatuluke pageti limenelo chigwere. Amayi aja anathandiza kuwakweza kutsogolo, ndodo yawo n'kuiika pakati pa miyendo. Galimoto itayamba kuyenda iwo anagwira mkono wa Shakila.

"Mpweya."

"Ndinachotsa, ababa. Khalani bwino."

M'timisewu ta Magomeni ankayenda pang'onopang'ono chifukwa cha maenje, ndipo ngakhale buleki inkamveka youma, Shakila anati n'chifukwa chokhalitsa. Analowa mumsewu waukulu wa Morogoro. Atadutsa Mapipa msewu unayamba kutsetsereka kulowera kudambo la Jangwani, katundu wa kumbuyo n'kuyamba kukankha. Kutsogolo daladala inaima mwadzidzidzi pakati pa msewu kuti itole anthu, ndipo pambali pake panali munthu akukoka ngolo yodzaza kokonati.

Shakila anaponda buleki. Inali ngati waponda mwala. Anaponda ndi mphamvu zake zonse mpaka kunyamuka pampando, koma galimoto inangochepetsa pang'ono n'kupitirira. Kumbuyo kwa daladala kunkakula. Anaponda kilatchi, n'kukankhira giya yachiwiri. Giyabokosi inakukuta mano, n'kulowa, injini n'kukuwa. Anakoka buleki ya pamanja, n'kukhotetsera kumanzere kumene kunali dothi. Pikapu inadutsa ngolo ija ndi mpata wa chikhatho, inalumpha kangalande, n'kukaima m'maudzu. Kumbuyo njerwa zinaterereka n'kudzagunda kanyumba ka dalaivala, galasi la kumbuyo n'kung'aluka kuchokera ku ngodya kufika ku ngodya.

Wa kokonati uja ankatukwana. Anthu a mu daladala anatulutsa mitu m'mawindo. Shakila manja ake anakanirira pa chiwongolero. Anayang'ana bambo ake. Chipewa chawo chinali chitagwera pamiyendo, koma iwo ankamenya pansi ndi phazi lawo lamoyo, monga munthu woponda buleki, maso ali pa iye.

"Mpweya," anatero. Anameza malovu, mitsempha ya pakhosi itaima. "Wa... buleki."

Shakila anatsika, n'kutsegula boneti. Kenaka anawatsitsa bambo ake, mkono wawo wakufa ataukoleka pakhosi pake, n'kuwatsamiritsa pa galimoto. Ndodo inaloza paipi yakuda yochokera ku chimphika cha buleki. Paipi imeneyo kale inkalowa mu injini ya petulo, ndipo poti pa injini yatsopano sanaone poilowetsa, Shakila anangoipinda n'kuimanga ndi waya pambali. Ndodo inasuntha n'kukagogoda kapampu kakang'ono kobisala kuseri kwa chotchajira batire. Kanali ndi kamlomo kotsekedwa ndi kachivindikiro kofiira.

Apa m'pamene anamvetsa. Injini ya petulo imayamwa mpweya yokha, ndipo kuyamwako n'kumene kumathandiza phazi la dalaivala pa buleki. Ya dizilo siyamwa choncho. Ntchitoyo imagwira ndi kapampu kameneka. Masabata awiri athunthu nkhalamba inakhala ikumuuza.

"Pepani, ababa."

"Manga," anatero Che Abdu.

Paipi ija inali yaifupi. Pafupi panali munthu womata matayala pansi pa mtengo, ndipo m'bokosi mwake munapezeka chidutswa cha paipi yolimba. Shakila analumikiza, kumanga ndi waya mbali zonse ziwiri, diresi labwino lija likudetsedwa ndi girizi. Analiza injini, n'kuponda. Buleki inalowa mofewa, n'kugwira. Anayesa katatu m'maudzu momwemo. Womata matayala uja anamufunsa ngati sakubwerera kunyumba kukapuma kaye.

"Katunduyu ali ndi mwini wake, akumudikira," anatero Shakila.

Bwalo la Mwinyi linali ndi mpanda wa waya ndi timbendera ta mitundumitundu. M'kati munali magalimoto khumi ndi awiri onyezimira, ndipo Mwinyi anali ataweramira pa imodzi akuonetsa bambo wina wa tayi ndi mkazi wake. Phokoso la chigayo lija litaima pageti pake anadzutsa mutu. Anayang'ana pikapu, kuyang'ana utsi, kuyang'ana mlongo wake akutsika n'kutsegula chitseko cha kumbuyo.

Shakila anatsitsa njerwa yoyamba n'kuiika bwinobwino pakati pa geti. Yachiwiri pambali pake. Yachitatu.

"Shakila! Wapenga?"

"Shikamoo, ndakupatsani ulemu, achimwene. Njerwa zanu munaziiwala kwathu. Zitatu zasweka m'njira, zimenezo mundikhululukire."

"Chotsa zimenezi! Ndili ndi makasitomala!"

"Ifenso kwathu tili ndi geti."

Sanaleke kutsitsa. Bambo wa tayi uja anayandikira, n'kuzungulira pikapu, n'kuwerama kumvetsera. "Pijo imeneyi ikulira dizilo? Anakuikirani ndani?" Shakila anamuonetsa chala chake cha nsanza. Mwinyi anafika pafupi, n'kutsitsa mawu kuti alendo asamve.

"Ukudziona ngati wochenjera. Nyumba ija idzagawidwa, Shakila, ndipo ukudziwa gawo la mwana wamkazi pa Chisilamu, theka chabe la gawo langa. Tsiku limenelo udzandipempha."

Windo la kutsogolo linali lotsegula. Che Abdu anatulutsa ndodo yawo n'kugogoda chitseko cha galimoto kunja. Mwinyi anali asanawaone; anadzidzimuka, dzanja n'kupita lokha pachifuwa.

"Baba..."

Nkhalamba inamuyang'ana mwana wake kuyambira ku nsapato mpaka ku wotchi. Mawu anatuluka onse pamodzi, omveka mpaka kwa mlonda wa pageti.

"Sindinafe."

Chichewa cha Mwinyi chinali chochepa, koma pamenepa sanafunse womasulira. Anatembenuka n'kukalowa mu kaofesi kake ka kontena.

Njerwa zinatenga maulendo asanu. Ulendo wachiwiri Mwinyi sanatuluke. Wachitatu Shakila anapeza Mwinyi atachoka, geti atakhoma, ndipo njerwazo anazisanja kunja kwake. Wachisanu mlonda anamuthandiza kutsitsa osapemphedwa. Pofika madzulo zikhatho zake zinali zitasupuka, ndipo pageti la ku Magomeni panangotsala fumbi la simenti, limene analisesa.

Timashopu take Mwinyi anakamanga ku Gongo la Mboto. Pa Idi ya chaka chimenecho sanabwere, anangotumiza mbuzi, ndipo Shakila anailandira chifukwa inali ya bambo ake. Nambala ya injini yatsopano inamutengera masiku asanu ndi anayi a mizere ya m'maofesi kuti ilowe m'khadi la galimoto. Pikapu inali yochedwa pa chitunda, yaphokoso, ndipo fungo la dizilo linkalowa m'nsalu za amalonda mpaka anagula lona. Koma mafuta amene kale ankatha Lachiwiri tsopano ankafika Loweruka.

Vuto limene sanaliyembekeze linali la mpando. Kuyambira tsiku la njerwa lija Che Abdu anakana kutsala pakhonde. Mmawa uliwonse ankapezeka atavala kale chipewa, ndodo ili m'manja, akudikira kukwezedwa. Amalonda amene anazolowera kukhala kutsogolo sanakondwe nazo. Tsiku lina ku Kariakoo, mabelo atakwezedwa kale, mayi wina wa ku Limbe dzina lake Marita, wonenepa, wa ndolo zagolide, anatsegula chitseko n'kupeza nkhalamba itakhala phee.

"Achemwali, nanga ine ndikhala pati? Agogowa sangatsale kunyumba?"

"Mpando umenewo uli ndi mwini wake, mayi," anatero Shakila akumanga chingwe cha lona. "Kwerani pa mabelo, kapena mutsitse katundu wanu mufune galimoto ina."

Marita anayang'ana mabelo ake asanu ndi awiri, kuyang'ana dzuwa, kuyang'ana msewu wodzaza ngolo ndi anthu. Anang'ung'udza, n'kukwinya chitenje, n'kuponda pa tayala. Shakila anamukankhira m'mwamba ndi phewa, anadikira kuti akhazikike, kenaka anakalowa kutsogolo n'kutembenuza kiyi.